Ensaimada Yopanda Nkhumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala awiriwiri ndi amayi anga m'kafulati ka pamwamba ku Edmonton, dera lina la mumzinda wa London. Bambo anali atatsala ku Ntcheu, koma nkhani yawo ndi ya tsiku lina. Amayi ankasamalira odwala pa chipatala china chachikulu cha kufupi ndi kwathu, ndipo mashifiti a kumeneko sankalabadira zoti mwana waweruka kusukulu kapena ayi. Chimene chinandipulumutsa kuti ndisamakhale ndekha m'nyumba n'chakuti pansi pathu pankakhala mayi wina wachikulire, mzungu, dzina lawo a Margalida.

A Margalida anali a ku Mallorca, chilumba cha ku Spain. Anabwera ku London ali mtsikana kudzachapa nsalu za m'chipatala, anakwatiwa, mwamuna anamwalira, ana analibe. Pamene ine ndinkawadziwa, mawondo anali atawakana moti masitepe sankakwera, ngakhale kukataya zinyalala panja inali ntchito yokonzekera. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka kuposa cha amayi anga, komabe awiriwo anamvana bwinobwino: amayi aziwagulira zinthu kumsika ndi kuwathowa mawondo, iwo azindisunga ine ndikaweruka.

Ife timapembedza Loweruka, ndipo nkhumba sitidya. Tsiku loyamba amayi ananditsitsira pansipo atavala kale yunifolomu, n'kufotokoza zimenezi ali pakhomo, mobwerezabwereza, mpaka kutsanzira kulira kwa nkhumba kuti pasakhale kusamvana. Nyama yake ayi, soseji yake ayi, mafuta ake ayi. Atatero anathamangira basi. Zimene zinachitika kenako amayi sanazione, ndinaziona ndine. A Margalida anaima kanthawi pakati pa khitchini manja ali m'chiuno, kenako anatsegula firiji n'kutulutsa kontena ya mafuta oyera olimba ndi soseji yofiira ya kwawo. Ananunkhiza sosejiyo, anausa moyo, n'kundituma kuti ndikagogode kwa bambo wa khomo loyang'anana nalo adzatenge. Atachoka bamboyo, anatsuka firiji yonse ndi madzi otentha. Kuyambira tsiku limenelo nkhumba sinalowenso m'nyumba mwawo.

Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kupanga ensaimada, buledi wotsekemera wa kwawo. Si buledi wa munthu wopupuluma. Umakanda ufa ndi mazira, shuga, madzi ndi yisiti mpaka manja atope, n'kuusiya upume. Kenako umautambasula patebulo, choyamba ndi mtengo, kenako ndi zala, kukoka pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka upyapyale moti maluwa a pansalu ya patebulo azioneka. Apo ndiye umapaka mafuta ndi chikhatho, paliponse, osasiya ngakhale m'mphepete. Umaukulunga ukhale chingwe chachitali, n'kuuzunguliza pathireyi kuyambira pakati kupita kunja, kusiya mpata woti ufufumire. Umagona usiku wonse m'kabati ya pafupi ndi boyila, mawa lake n'kulowa mu uvuni. Ukatuluka amauwaza shuga wosalala woyera. Amayi atauona koyamba anaseka, akuti ukufanana ndi nkhata yosenzera mtsuko, ndipo kunyumba kwathu dzina lake linakhala buledi wa nkhata. Ankadya akabwera ku shifiti, ali chiimire, nsapato asanavule.

Ife tinkapaka batala, ndipo a Margalida sankalephera kudandaula. Batala amasungunuka msanga, batala amang'amba ufa, batala sapatsa buledi timasamba topyapyala tija timene timayoyoka ukaluma. Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga kwawo amapaka chiyani. Anandiuza kuti m'chilankhulo chawo, Chikatalani, mafuta a nkhumba amawatcha saim, ndipo dzina loti ensaimada limachokera pamenepo, tanthauzo lake ndi chinthu chopakidwa mafuta a nkhumba. Ndinafunsa kuti nanga yathuyi ndi chiyani poti mulibe saim.

“Yathuyi ndi yabodza,” anatero, akupukuta manja pa epuloni. “Mayi anga akanaiona akanandithamangitsa ndi tsache. Koma iweyo umadya, ndiye ndi yabwino.”

Ndinaseka, n'kuiwala. Kwa ine inali nkhani yosangalatsa chabe, monga zija za azibale awo ndi za mitengo ya maamondi ya kwawo. Sindinaganize zokauza amayi, pakuti panalibe chowauza.

Kutchalitchi kwathu, mapemphero akatha, timadyera limodzi. Nthawi imeneyo tinkachita lendi holo ya pasukulu ina, ndipo mayi aliyense ankabwera ndi mbale yake yophikidwa Lachisanu dzuwa lisanalowe. Amene ankayang'anira tebulo la chakudya anali Mayi Nkhoma, mkulu wa amayi. Muyenera kuwadziwa Mayi Nkhoma kuti mumvetse zotsatirazi. Anali a kwathu komwe ku Ntcheu. Ndi iwo amene anakawachingamira amayi anga pabwalo la ndege, amayi anagona pabalaza pawo miyezi yoyamba, ndipo ntchito ya kuchipatala anawalozera ndi iwo. Zabwino zimenezi anachitadi, sindikukana. Koma ankazikumbutsa pafupipafupi, ndipo chimene Mayi Nkhoma anena Loweruka masana, kumudzi chinkakhala chitamveka Lamlungu lisanathe.

Chaka chimenecho kunali Sabata la ana, tsiku limene ana amatsogolera nyimbo ndi kuwerenga mavesi, ndipo anatiuza kuti nafenso tibwere ndi kenakake ka patebulo. Anzanga ambiri makolo awo anangowagulira mabisiketi ndi juwisi. Ine ndinati ndipanga ensaimada yaikulu, ndekha. Ndinakanda Lachinayi, a Margalida atakhala pampando akungolozera ndi chala, manja osaikapo. Ufa unang'ambika pakona, iwo anati ndisade nkhawa, pokulunga pabisika. Lachisanu ndinathamanga kuchokera kusukulu kuti tiphike dzuwa likadalipo. Itatuluka mu uvuni inali yotupa, yofiirira, yodzaza thireyi yawo yaikulu yachitsulo imene anabwera nayo kuchokera kwawo. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kundipsompsona pamphumi. Loweruka m'mawa ndinainyamula pamiyendo m'basi ulendo wonse, ndikukalipira mumtima aliyense woyandikira.

Patebulo inayenda bwino kuposa mmene ndinkalotera. Anthu anasiya makeke ogula n'kuunjikana pa ine. Bambo Tembo, dalaivala wa basi wa ku Chipata, anadya chidutswa, anabwereranso, shuga ali mbuu m'ndevu. Amayi anga ankamwetulira chapansipansi akugawa mpunga. Ndiye Mayi Nkhoma anafika, anadula kachidutswa, analawa, n'kufunsa kuti chimenechi dzina lake n'chiyani ndipo wandiphunzitsa ndani. Ndinayankha monyadira, ndinatchula dzina lonse mmene a Margalida ankatchulira.

Mwana wa Mayi Nkhoma, Dalitso, amene ankaphunzira kuyunivesite, anali pomwepo ndi foni yake yatsopano. Masiku amenewo mafoni a intaneti anali atangofala, ndipo iye chilichonse chimene wamva ankachifufuza kuti tidziwe kuti ali nayo. Sindikhulupirira kuti anali ndi cholinga choipa. Anandifunsa kalembedwe kake, anadinadina, kenako anakweza mutu.

“Mum, it's made with lard. Mafuta a pork. Ndi zimene dzinalo likutanthauza.”

“Ndikudziwa,” ndinatero ine, “koma yathuyi tapaka batala. A Margalida mafuta a nkhumba anasiya kalekale.”

Mayi Nkhoma analavulira m'tishu. Anatembenukira kwa anthu, osati kwa ine.

“Mwamva nokha. Akuti akudziwa.”

Mawu anga aja onena za batala aliyense anawamva, ndinalankhula mokweza ndipo holo inali zii. Koma palibe amene anawatola. Ndinabwereza. Ndinafotokoza za firiji, za bambo wa khomo loyang'anana, za batala amene ndinapaka ndi dzanja langa lomweli. Chichewa chitandithera chifukwa cha kulira ndinapitiriza m'Chingerezi, ndipo limenelo linakhala tchimo lachiwiri, akuti onani mwano wa ana a kuno. Mayi Nkhoma anati mzungu wa ku Spain sangasiye nkhumba chifukwa cha mwana wakuda wa pamwamba, anthu amenewo nkhumba ndi moyo wawo, mwanayu wapusitsidwa kapena akunama, ndipo zonse ziwiri mlandu wake ndi wa mayi amene amasiya mwana m'manja mwa anthu osapemphera. A Margalida anali ndi korona pakhoma ndipo ankapemphera kuposa ambiri a m'holomo, koma amenewo sanali mapemphero owerengedwa.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anayesa. Bambo Tembo, shuga akadali m'ndevu, anati: “Koma imwe, mwana akamba ati ni butter. Manje sitingafunse chabe kuli amene anapanga?” Akazi awo anawatsina pamkono, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mayi Nkhoma anagwira thireyi ndi matishu m'manja monse muwiri, ngati atola khoswe wakufa, n'kukaiponya m'bini ya kukhitchini. Sanakhuthule buledi yekha, anaponya ndi thireyi yomwe, thireyi ya a Margalida, pamodzi ndi mpeni umene tinadulira. Phokoso la chitsulocho ndimalimvabe. Anthu akuluakulu, ena manesi, ena a madigiri awo, anayamba kuchukucha m'kamwa pasinki. Mayi wina anayambitsa pemphero lopempha chikhululukiro chifukwa cha chodetsa chimene chalowa m'matupi mwawo mosadziwa.

Ine ndinkayang'ana amayi anga. Ndinkadziwa kuti alankhula. Buledi ameneyu anamudya kambirimbiri, a Margalida ankawadziwa, ineyo ankandidziwa kuti bodza silinali khalidwe langa. Koma amayi anazolika mutu, anapinda mawondo pamaso pa Mayi Nkhoma, n'kunena kuti pepani amayi, ndalakwa ndine, sindinayang'anire mwana. Kenako anandikoka dzanja kuti nanenso ndigwade. Pansi pa holoyo panali pozizira, panali mizere ya masewera a mpira. Ndinagwada. Anandiuza kuti ndipepese mpingo, ndipo ndinapepesa. Pa zonse za tsiku limenelo, chimene chimandiwawa mpaka lero ndi pepani ameneyo, amene anatuluka pakamwa panga pa mlandu umene kunalibe.

Tinakwera basi kubwerera kunyumba. Titafika pakhomo la a Margalida ndinaima n'kuwagwira amayi malaya, ndinawapempha kuti tingogogoda, afunse okha, atsegule firiji aone. Linali khomo limene tinkalidutsa tsiku lililonse. Amayi anandikoka kukwera masitepe.

“Ukufuna ndikachite manyazi kawiri? Kuyambira lero phazi lako lisapondenso m'nyumba imeneyo.”

Chilango chinali chimenecho. Anandimangirira kiyi pachingwe m'khosi, ndipo ndikaweruka ndinkakhala ndekha m'fulati, wailesi yakanema ili chete kuti anthu asadziwe kuti muli mwana yekha. Zogula za a Margalida amayi ankangozisiya pakhomo n'kugogoda kamodzi, n'kuthamanga ngati achedwa basi. Ine podutsa pakhomopo ndinkanyang'ama. Tinali ndi chizindikiro chathu: tiyi akapsa, iwo ankagogoda kudenga kwawo ndi mpini wa tsache, ine n'kuyankha ndi chidendene. Masana aliwonse mpini uja unkagogoda pansi pa mapazi anga, ndipo ine ndinkakweza miyendo pampando kuti ndisayankhe mwangozi. Kutchalitchi ana anzanga ankalira ngati nkhumba ndikamadutsa, chapansipansi, kuti akuluakulu asamve. Akuluakuluwo ankamva, ena ankabisa kumwetulira. Pa tebulo la chakudya mbale ya amayi anga inkabwerera yodzaza.

Ndinali wokwiya kwambiri. Mayi Nkhoma ndinawakwiyira, inde, koma iwo anali munthu wapadera. Amene anandipweteka kwenikweni anali amayi anga, amene anasankha kukhulupirira foni ya Dalitso kusiyana ndi kutsika masitepe.

Zinatha milungu ingapo. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza khomo la a Margalida lili lotsegula, iwo atakhala pampando pakhomo penipeni, ndodo ili pamiyendo, akundidikira. Kuthawa kunalibe. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti thireyi yawo ili kuti, ndipo andilakwira chiyani. Ndinakhala pansi pamasitepe, chikwama chili kumsana, ndinawauza zonse, mpaka za kugwada. Pamene ndinkafotokoza nkhope yawo inkafiira kuyambira m'khosi. Anafunsa kuti amayi apuma liti. Ndinati Lamlungu.

Lamlungu m'mawa amayi akusita yunifolomu tinamva kugunda pamasitepe, ndodo kenako phazi, ndodo kenako phazi, ndi kupuma kwa wefuwefu pakati pake. Zinatenga nthawi yaitali. Amayi atatsegula chitseko anapeza a Margalida atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu, munthu amene sanakwerepo masitepe amenewo chibwerere ife. Anakana mpando, anakana madzi. Anawagwira amayi pamkono n'kunena kuti atsike nawo tsopano lino. Kutsikako kunali kovuta kuposa kukwera, amayi anachita kuwachirikiza, ine ndikutsatira pambuyo.

M'khitchini anawalamula amayi kuti atsegule firiji okha, kenako makabati onse, ngakhale kabati ya pansi pa sinki. Munali batala, mazira, nsomba, tomato, mafuta a maolivi. Amayi ankatsegula ndi kutseka mmene anawauzira.

“Munandiuza kamodzi pakhomo apa, ine ndinamva,” anatero a Margalida. “Chakudya cha mayi anga ndinachisiya chifukwa cha mwana wanu. Inu simukanatha kugogoda n'kundifunsa?”

Atakhala pansi ndi kupeza mpweya, anatiuza nkhani imene ankaimva kwa akuluakulu a kwawo, ndipo anati sakudziwa ngati ili yoona yonse. Akuti kalekale pachilumbapo panali anthu osadya nkhumba ngati ife, amene anakakamizidwa kusintha chipembedzo. Anansi awo ankawasuzumira m'miphika kuti aone ngati asinthadi, ndipo ena mwa iwo, pofuna kuti awasiye, anayamba kupaka mafuta a nkhumba m'buledi wawo kuti aliyense aone. Anati iwo ankaganiza kuti zosuzumira m'mbale za anthu ndi kuweruza popanda kufunsa zinatsala m'nthano za kwawo, sankadziwa kuti adzazipeza ku Edmonton.

Amayi anagwada, monga timachitira kwathu, n'kuwagwira mapazi. A Margalida anawakankha paphewa ndi ndodo, osati mwamphamvu.

“Osati ine. Uyo,” anatero, akuloza ine.

Amayi ananditembenukira, anandiyang'ana, anatsegula pakamwa. Ndinadikira. Koma kwathu munthu wamkulu sapepesa mwana, amangomuphikira zimene amakonda. Madzulo ake ndinadya nkhuku yokazinga ndi tchipisi pa tsiku losakhala la chikondwerero, kiyi anandivula m'khosi, ndipo sabata yotsatira amayi anagula thireyi yatsopano. Inali yopepuka, ikatentha inkapindika. A Margalida anailandira choncho.

Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti Loweruka amayi aimirire m'holo muja, pamalo pomwe ndinagwada, anene kuti mwanayu sananame. A Margalida anati ngati amayi akuopa, awakweze takisi akanene okha. Amayi anawachonderera kuti asatero. Kwa ine anati zinapita, tizisiye, kuutsanso nkhani n'kuwachititsa manyazi Mayi Nkhoma, ndipo ife tili kuno chifukwa cha iwo. Ndinafunsa kuti nanga manyazi anga. Anati ndine mwana, ndiiwala. Choncho sizinanenedwe. Kulira kwa nkhumba kumbuyo kwanga kunatha kokha ana atapeza wina womuseka, mbale ya amayi inayambanso kudyedwa pang'onopang'ono, koma m'maso mwa mpingo ndinatsala mwana amene anadyetsa anthu a Mulungu nkhumba pa Sabata.

Kwa a Margalida ndinabwerera, ndipo ndinakhala nawo masana onse mpaka nditalowa sekondale. Ensaimada tinkapangabe, ya batala, ndipo madandaulo awo sanasinthe. Mawondo atafika poipa, mwana wa mchemwali wawo anabwera kudzawatenga, anabwerera kwawo, ndipo anamwalirira komweko ine ndili kukoleji.

Nditayamba ntchito ndinapita pachilumbapo kukaona manda awo. M'tauni mwawo, pawindo la bekale iliyonse panali nkhata zija, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo pabwalo la ndege anthu ankazinyamula m'makatoni omanga ndi chingwe. Fungo lake linali lina, lolemera, limene m'khitchini mwathu silinamvekepo. Ndinalowa m'bekale ina yakale n'kufunsa bambo wogulitsa ngati ali nayo yopanda saim. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi ake. Anati alipo ena amene amapanga zoterozo, koma osati m'nyumba mwake, ndipo ngati sindikufuna saim ndiye kuti ndikufuna chinthu china, ndisankhe keke. Ndinatuluka chimanjamanja n'kukakhala pabenchi. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kukula kwa chimene a Margalida anachita tsiku lija anatsuka firiji. Mayi wokalamba, wokhala yekha kudziko la eni, anali ndi chinthu chimodzi chomukumbutsa kwawo, ndipo anachichotsa mtima wake chifukwa cha mwana wa mnansi, popanda womukakamiza. Malipiro ake anali kutchedwa wabodza ndi anthu amene sanamuonepo n'komwe, ndi thireyi ya kwawo kuponyedwa m'zinyalala. Ndinalira pabenchipo, koma misozi yake inali ya mkwiyo.

Amayi anga ndinawakhululukira, ngakhale pepani uja sanabwere mpaka lero. Ndikudziwa tsopano mmene mantha amakhalira kwa mayi amene ali yekha kunja kuno, amene anthu ake onse ndi a m'holo imodzi, ndipo akamutaya amenewo alibe kwina kolowera. Ndikumvetsa, koma sindivomereza. Chimene ndinaphunzira tsiku lija si za nkhumba ayi, nkhumba sindidya mpaka pano ndipo Sabata ndimasungabe. Ndinaphunzira kuti anthu akamaopana, chilungamo amachilipiritsa kwa amene ali wamng'ono m'chipindamo, chifukwa iye ndiye wotchipa kumugwaditsa. Ndinaphunziranso kuti mawu oti “ndi mwana, aiwala” amanena anthu amene akufuna kuiwala iwowo. Lero ndimaphunzitsa kalasi ya ana kutchalitchi komweko, ndipo wamkulu akabwera atagwira mwana pamkono kuti wachita chakuti, ndimayamba ndafunsa mwanayo, kenako ndimafunsa wamkuluyo ngati wapita kukaona yekha. Ena amati ndine wamwano. Ndimawasiya anene.

Mayi Nkhoma akadalipo. Akalamba, amayenda ndi ndodo, tebulo la chakudya anasiyira ena. Tsiku lina ndinawakumbutsa nkhani yonse, mwaulemu, tili awiri. Anandiyang'ana modabwa kwenikweni, n'kunena kuti iwo zimenezo sakuzikumbukira, mwina anali munthu wina. Sankanama ayi, anaiwaladi. Tsiku limene ine ndalinyamula moyo wanga wonse, kwa iwo linali Loweruka wamba.

Pa Sabata la ana chaka chilichonse ndimapanga ensaimada yaikulu, ya batala, n'kuiika pakati pa tebulo. Imatha msanga. Mayi Nkhoma amaikonda kwambiri chifukwa ndi yofewa, siivuta mano, ndipo amapempha kuti ndiwakulungire ina yokadyera tiyi kunyumba. Amaitcha buledi wa Tadala, dzina langa. Ine ndimawadulira chidutswa chachikulu, ndimawapatsa ndi manja awiri monga ndinaleredwera, ndipo ndimawauza mokweza, kuti a patebulo lonse amve:

“Dzina lake ndi ensaimada, amayi. Tanthauzo lake ndi mafuta a nkhumba. Koma yangayi ndapaka batala.”

Amagwedeza mutu, n'kudya. Mawu ake ndi omwe aja ndinanena ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, nkhani yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha n'chakuti ndinakula.